Injini yalowa, koma boneti yakana kutseka

Mu 1985 kampani ya BMW ku South Africa inatulutsa galimoto yotchedwa 333i. Anatenga injini ya malita 3.2 yochokera m'magalimoto akuluakulu n'kuipanikiza m'kagalimoto ka E30. Malo anachepa moti wogula ankasankha chimodzi: makina oziziritsa m'kati kapena pawa sitiyaring'i. Ngati akatswiri a fakitale anapanikizika chonchi, nanga makaniko wa kuseri kwa nyumba ku Soweto?

E30 ndiyo gusheshe, galimoto yomwe anyamata amazunguza mpaka matayala kufuka utsi. Injini yake ya masilinda 6 inaikidwa chopendekera kuti boneti ikhale yotsika. Lero ena amaichotsa n'kuikamo V8 ya Lexus, 1UZ ya malita 4, yomwe inatuluka mu 1989. Ikalowa, vuto limaonekera pamwamba: mapaipi olowetsa mpweya agunda boneti.

Wopupuluma amathamangira gulayinda. Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi dongo. Amaumba timibulu, n'kutiika pamalo onse otumphuka a injini, kenako n'kutseka boneti pang'onopang'ono. Akatsegula, dongo lophwatalala limamuuza pomwe pathina ndi mpata womwe watsala. Mpatawo usachepere sentimita imodzi, chifukwa injini siima chilili. Ukaponda mafuta imagwedezeka pa mphira zake, ndipo chomwe sichikhudza galimoto ili chiimire chidzakhudza ikamathamanga.

Kutsitsa injini kumaoneka ngati njira yachidule, koma ndi komwe kumandidetsa nkhawa kwambiri. Ikatsika, sampu imayandikira chitsulo chopingasa cha pansi ndi zida za chiwongolero, ndiponso imayandikira msewu. Hampu imodzi yokha kapena dzenje lobisika m'madzi a mvula, sampu yang'ambika, oyilo yense pansi, injini yagwira. Komanso injini ikatsika kutsogolo kokha, giyabokosi ndi shafuti sizilunjikananso bwino, galimoto imayamba kunjenjemera. N'chifukwa chake odziwa amasaka sampu yoyenera, poti 1UZ ili nazo zamitundu ingapo, kapena amaidula n'kuiwotchereranso.

Njira zina zotsika mtengo zilipo: kusamutsa sefa ya mpweya, kapena kusema pang'ono nthiti za kunsi kwa boneti, osazimaliza, chifukwa ndizo zimailimbitsa. Zonsezi zikakanika, m'pamene woongola magalimoto amadula boneti n'kuumbapo linunda, lotsekedwa bwino kuti mvula isalowe m'mawaya.