Transfer case: fufuzani vuto musanamasule bokosi

Mvula ikayamba, misewu yafumbi imasanduka matope ndipo eni galimoto monga Toyota Hilux ndi Land Cruiser amayamba kudalira mawilo onse anayi. Apa m'pamene ambiri amatulukira kuti 4WD ikukana kulowa. Mlandu umagwera transfer case, bokosi lomwe limakhala kumbuyo kwa giyabokosi n'kumagawa mphamvu ya injini kumawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Koma kulimasula kumadya ndalama zambiri, chonsecho nthawi zina vuto limakhala laling'ono.

Yambani ndi oilo. Imikani galimoto pamalo afulati ndipo mutsegule pulagi yothirira. Oilo ayenera kufika pakamwa pa bowolo. Akachepa, yang'anani ngati akudontha pomwe mashafti amatulukira. Akaoneka ngati mkaka, ndiye kuti mwalowa madzi, mwina powoloka mtsinje. Tizidutswa tachitsulo mu oilo ndi chizindikiro chakuti magiya kapena mabeyaring'i akudyeka.

Kenaka mvetserani phokoso. La m'bokosili limakula ndi liwiro la galimoto, osati ndi kulira kwa injini. Yendetsani pa 2H, kenaka pa 4H pamsewu wafumbi. Ngati likumveka pa 4H pokha, makamaka kugogoda pokwera chitunda, tcheni cha mkati chikhoza kukhala kuti chatamuka. Komabe uzani makaniko agwedeze kaye mashafti ndi manja, chifukwa majointi ake akatha amagogodanso chimodzimodzi ndipo ndi otsikirako mtengo.

Ngati 4WD ikukana kuchoka, ganizirani komwe mwayenda. Pagalimoto zomwe 4WD yake imachita kulowetsedwa, shafti yakutsogolo ndi yakumbuyo zimazungulira pa liwiro limodzi. Pokhota, mawilo akutsogolo amayenda mtunda wotalikirapo. M'matope tayala limaterereka, nkhani n'kuthera pomwepo, koma paphula zitsulo zimamangana. Kubwerera m'mbuyo mamita angapo kawirikawiri kumazimasula. Matayala osiyana kukula kapena mpweya amabweretsanso vuto lomweli.

Galimoto zosintha 4WD ndi batani zili ndi kamota kokankha magiya. Nyali ya 4WD ikamangophethira, onani fyuzi ndi mawaya, popeza matope ndi dzimbiri zimawononga polumikizira. Galimoto zina zili ndi mahabu otseka pamanja. Akakhala pa Free, mawilo akutsogolo sakoka ngakhale bokosi lili bwinobwino. Kumbukiraninso kuti 4L imalowa galimoto itaima, giya ili pa nyutulo kapena kalachi itapondedwa.

Zonsezi zikapezeka kuti zili bwino koma 4WD ikutulukabe yokha, kapena mu oilo muli zitsulo, pamenepo bokosi litsitsidwe. Kuyendabe nalo n'kuputa ngozi, chifukwa likhoza kugwirana muli paulendo. Yesani 4WD pamsewu wafumbi kamodzi pamwezi kuti vuto lidziwikire pafupi ndi galaja, osati pakati pa dambo usiku.