Galu wanu ali ndi chiphaso cha katemera?

Mlimi akamawerenga chuma chake amatchula ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Galu satchulidwa, chonsecho ndiye amagona pakhomo pa khola usiku wonse, ndiyenso amapirikitsa anyani m'munda chimanga chikayamba kukhwima. Boma lokha silimuiwala. Lamulo la Control and Diseases of Animals Act, lomwe limayang'anira matenda a ziweto m'dziko muno, limakhudzanso galu, ndipo chifukwa chake chachikulu ndi chiwewe.

Maiko ena ali ndi munthu wolembedwa ntchito ya agalu okhaokha. Ku Ireland, lamulo la 1986 limati mwini galu agule laisensi, ndipo makhonsolo amalemba anthu otchedwa dog warden oti azifunsa laisensiyo, azilipitsa chindapusa, ndi kugwira agalu oyendayenda n'kuwasunga masiku 5 podikira eni ake. Kumeneko chiwewe kulibe. Alimi amadandaula za agalu opha nkhosa. Kwathu kuno ntchito imeneyi ili m'manja ambiri: mlangizi wa ziweto amabaya katemera, makhonsolo a m'mizinda ali ndi malamulo awo a agalu, amfumu amamema anthu. Kwa mlimi wa kumudzi, pepala lofunika kwambiri ndi chiphaso chomwe amalandira galu akabayidwa.

Chiwewe chikabuka m'dera, a zaziweto atha kulengeza lamulo lomanga agalu, lija akuluakulu amalidziwa kuti tie-up order. Galu aliyense azikhala pachingwe kapena mumpanda, ndipo wopezeka akuyendayenda atha kuomberedwa. Anthu ambiri amasangalala akamva kulira kwa mfuti, poganiza kuti matenda atha. Ine sindigwirizana nawo. Mfuti siwerenga chiphaso: imapha wobayidwa ndi wosabayidwa yemwe. Pakapita miyezi ingapo eni ake amakatenga tiana tagalu kwina, tosabayidwa, ndipo mudzi umakhala pangozi kuposa kale. Chinanso, anthu akaopa mfuti amabisa agalu awo ngakhale tsiku la katemera.

Chimene chimadula mwendo wa chiwewe n'kubaya agalu 70 mwa agalu 100 alionse, chaka ndi chaka. Izi zinaoneka ku Blantyre mu 2015, pamene bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 ogwira ntchito. Ena ankabwera nawo agalu pamalo oikika, ena ankawatsatira khomo ndi khomo. Zoti galu akabayidwa amasiya ukali kapena amalephera kusaka ndi nkhambakamwa chabe. Tiana tagalu nato musatisiye kunyumba, chifukwa ndito timasewera ndi ana. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, kuphatikizapo ana ambiri, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu.

Alimi anzanga, nkhaniyi imafikanso m'khola. Ng'ombe yolumidwa ndi galu kapena nkhandwe yachiwewe imatha kukhala milungu ingapo ikuoneka bwinobwino. Kenaka imayamba kulira kosalekeza ndi mawu osasa, dovu lili chuchuchu, madzi osameza, miyendo yakumbuyo ikugwa. Apa ndi pamene alimi ambiri amadziika m'mavuto, chifukwa imaoneka ngati yatsamwa ndi chitsononkho, ndiye munthu amapisa dzanja kukamwa kuti achitulutse. Dovu limenelo likakhudza kabala kakang'ono pachala, matenda alowa. Musapise. Itsekereni payokha, muitane mlangizi, ndipo ikafa musaisende kapena kuigulitsa pamsika, ngakhale mtima ukuwawa ndi ndalama yomwe yapita. Mankhwala ochiza ng'ombe yotere kulibe.

Munthu akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, musamange kapena kupaka zitsamba, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera wa anthu amathandiza pokhapokha zizindikiro zisanayambe. Zikangoyamba, munthuyo sapulumuka. Chiphaso chija chimagwira ntchito apa. Mwini galu akachitulutsa, achipatala ndi a zaziweto amadziwa poyambira, ndipo mkangano wa pakati pa anansi umachepa. Chisungeni pamodzi ndi mapepala a kuchipatala, osati kuchisomeka kudenga kuti chidyedwe ndi chiswe.

Galu wolumayo, ngati n'kotheka kumugwira popanda kulumidwa wina, mumangeni ndipo mlangizi amuone kwa masiku 10. Ngati anali ndi chiwewe pomwe ankaluma, adwala kapena kufa m'masiku amenewo. Wolumidwayo asadikire masikuwo kuti akayambe katemera. Galu akachita kuphedwa, musamuphwanye mutu ndi mpini monga mwa chizolowezi chathu, popeza ubongo ndiwo umapimidwa ku labotale kuti zidziwike ngati chinalidi chiwewe.