Uchembere ukutsika m'Mozambique, koma kumidzi ukutsika mwakachetechete

ULONGWE — Amayi a dziko lino akubereka ana ocheperako masiku ano kusiyana ndi zaka za m'mbuyomu. Izi zadziwika pa kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu amene bungwe la boma lowerenga anthu la Instituto Nacional de Estatística, INE, linachita m'zaka za 2022 ndi 2023 mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo.

Akatswiriwa amawerenga motere: amatenga amayi a zaka 15 mpaka 49 n'kuona kuti mayi mmodzi angakhale ndi ana angati pofika nthawi yoleka kubereka. Kunena mwachidule, mu 2003 amayi 10 alionse amayembekezeka kubereka ana 55. Mu 2011 chiwerengerocho chinakwera kufika pa 59. Mu 2015 chinabwerera pa 53, ndipo tsopano chili pa 49.

Zoti uchembere unayamba wakwera usanatsike zimadabwitsa anthu a mumzinda, koma sizingadabwitse munthu wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi anayamba kubwerera. Anapeza minda itasanduka tchire, sukulu ndi zipatala zambiri zitaphwasulidwa. Banja lofuna kuswa mphanje limafuna manja ambiri, ndipo mankhwala olerera kunalibe kokawapeza. Mu 1997 amayi apabanja 5 okha mwa 100 ndiwo amagwiritsa ntchito njira zakuchipatala zolerera. Pofika 2011 anali 11 basi.

Panalinso mantha, ndipo anali mantha oyenera. Kafukufuku wa mu 1997 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, pafupifupi 200 amamwalira asanakwanitse zaka 5. Ndiye kuti mwana mmodzi mwa asanu. Mayi amene waikapo ana awiri kumanda kaamba ka malungo, chikuku kapena kutsegula m'mimba simungamuuze zowerengera ana, sangakumveni. Imfa zimenezi zinatsika kufika pa 97 mu 2011, ndipo pa kafukufuku watsopanoyu zili pa 60. Katemera, maukonde a udzudzu ndi sikelo zathandiza kwambiri. Makolo akaona kuti ana akukula ndi pamene amayamba kuganiza zopumira, koma mtima umatenga zaka kuti ukhulupirire.

Chiwerengero cha dziko lonse chimabisa zambiri. Mu 2011 amayi 10 a mumzinda wa Maputo amabereka ana 31, pamene m'chigawo cha Tete anali 68 ndipo ku Niassa 71. Lero m'matauni ali pa 36, kumidzi pa 58. Choncho kutsika kwenikweni kwachitika kumene kuli sukulu za sekondale, nyumba za lendi ndi chakudya chogula. Kumudzi zinthu zangosuntha pang'ono.

Tsidya lina la msewu nkhani ili mwina. Pa msika wa Lizulu, pamene wogulitsa kachewere wa ku Mozambique ndi wogula wa ku Ntcheu amasiyana ndi tala yekha, anthu ake ndi amodzi, chinenero chimodzi, ambiri ndi pachibale. Komatu ku Malawi amayi 10 amene amabereka ana 67 mu 1992 anali atatsika kufika pa 44 m'zaka za 2015 ndi 2016. Pa nthawi imeneyo amayi apabanja 58 mwa 100 kumeneko amalera ndi njira zakuchipatala, pamene kuno ngakhale lero ali 25. Si kuti Amalawi anayamba kalekale. Boma la Kamuzu Banda linaletsa zakulera kwa zaka zambiri, n'kudzalola mu 1982 pansi pa dzina loti kubereka motalikitsa. Chimene chinasintha zinthu n'chakuti jekeseni wa miyezi itatu anafika m'midzi momwe, m'manja mwa alangizi azaumoyo oyenda panjinga. Si chinsinsi kuti amayi ena a m'malire muno amawoloka kukalandira thandizo kumeneko chifukwa ndiko kufupi.

Kunonso kuli anthu otere, amene amatchedwa APE, osankhidwa m'mudzi momwemo n'kuphunzitsidwa kupereka mankhwala a malungo, mapiritsi olerera ndi makondomu. Vuto n'lakuti midzi ndi yotalikirana ndipo nthawi ya dzinja milatho imakokoloka. Mayi akayenda mtunda wa maola awiri n'kukapeza kuti mankhwala atha, mwezi wotsatira sabwereranso.

Anthu ena amati kulera ndi zobwera. Izi sizoona. Makolo akale amadana ndi kutumbiza, ndipo mayi wotenga pakati mwana asanayende amasekedwa pachitsime. Bambo amadika miyezi yambiri mwana asanatengeredwe kumphasa, poopa tsempho. Mayi amayamwitsa mpaka zaka ziwiri, ena amavala mkuzi m'chiuno. Miyambo yodikayi ikutha, ndipo pamene yatha popanda china cholowa m'malo mwake, ana akubadwa mothithikana kuposa kale.

Ngakhale uchembere ukutsika, anthu akuchulukirabe, pakuti atsikana ofika msinkhu wobereka ndi ambiri chaka chilichonse. Kalembera wa mu 1997 anapeza anthu pafupifupi 16 miliyoni m'dziko muno. Wa mu 2017 anapeza 27.9 miliyoni. Chigawo cha Tete chokha chinachoka pa anthu pafupifupi 1.2 miliyoni kufika pa opitirira 2.6 miliyoni m'zaka 20 zimenezo. Munthu wa ku Angónia safunika kuuzidwa ndi INE: munda umene agogo amalima okha lero wagawidwa kwa zidzukulu, madimba afika m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, ndipo milandu ya malire a minda siikutha pabwalo la mfumu.

Pamene pavuta kwambiri ndi pa atsikana. Mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, okwana 46 anali ndi mwana kapena pathupi mu 2015. Tsopano ali 36, chomwe chikadali chiwerengero chochititsa mantha kwa azamba, chifukwa thupi la mwana wa zaka 15 silinakhwime ndipo ambiri odwala fisitula amachokera m'gulu limeneli. Mu Disembala 2018 boma linachotsa lamulo la mu 2003 lomwe limatumiza mtsikana woyembekezera kusukulu ya usiku. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inaletsa ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale makolo atavomera, ndipo kholo, nkhoswe kapena mfumu yololeza ukwati wotere ingathe kuimbidwa mlandu. M'midzi yambiri ya m'malire sukulu imathera ku pulayimale, ndipo mtsikana wofuna kupitiriza ayenera kukapeza pogona kutauni, ndi ndalama zimene bambo ake amazigwira kamodzi pachaka akagulitsa fodya kapena kachewere.