Za Kuchepetsa Chithunzi Osachipundula

Mphunzitsi aliyense amene anayesapo kujambula mapu a Malawi pa bolodi adziwa vuto lake. Dziko lathu ndi lalitali ndi lopapatiza, pamene bolodi ndi lotambalala. Tsono dzanja limafuna kudzaza malo onse, ndipo Malawi amatuluka wonenepa ngati dzungu. Vuto lomweli limawagwera olemba mapulogalamu a kompyuta. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa wa othawa kwawo umene unatsegulidwa mu 1994, achinyamata akhala akuphunzira luso limeneli, ndipo aliyense wophunzira lusoli amafika pa funso ili: chithunzi chachikulu chingalowe bwanji pa batani laling'ono?

Batani la pa kompyuta ndi kabokosi kamene munthu amadina kuti pulogalamu ichite ntchito. Kukula kwake amakuwerenga ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Tiyerekeze kuti batani lili ndi mapikiselo 48 mbali zonse, ndipo tifuna kuikapo chithunzi cha phiri la Ntchisi chokhala ndi mapikiselo 600 chopingasa ndi 400 choimirira.

Chinenero chathu chili ndi mawu atatu otithandiza pano: kudula, kufinya ndi kuchepetsa. Wodula ataya mbali za chithunzi, nkhalango ya m'mphepete nkusowa. Wofinya akakamiza mbali zonse kuti zikhale 48, ndipo phiri lija lisanduka chulu chosongoka. Wochepetsa yekha ndiye asunga maonekedwe, pakuti atsitsa mbali ziwirizo ndi muyeso umodzi.

Muyesowo upezeka motere. Tigawe 48 ndi 600, tipeza 0.08, tigawenso 48 ndi 400, tipeza 0.12. Mwa ziwirizi tisankhe chochepa. Tikachulukitsa mbali zonse ndi 0.08, chithunzi chikhala 48 chopingasa ndi 32 choimirira, ndipo mapikiselo 16 otsalawo tiwagawa pakati, 8 pamwamba ndi 8 pansi. Tikadasankha 0.12, mbali yopingasa ikadafika 72, nkusefukira kunja kwa batani. M'chinenero cha makompyuta cha Java, batani silichepetsa lokha chithunzi. Wolemba amalamula ndi mawu akuti getScaledInstance, ndipo akatchula mbali imodzi nkulemba -1 pa inzake, kompyuta imadziwerengera yokha mbali yotsalayo kuti chithunzi chisapunduke.

Pali chinanso choyenera kusamala. Pochepetsa, timadontho tambiri timaphatikizika kukhala kamodzi, kotero mitengo ya m'phiri sioneka payokhapayokha. Pa batani payenera chithunzi cha mizere yochepa ndi yooneka bwino. Ndipo chimene chachepetsedwa sichibwerera: mukachikuzanso chioneka mbuu. Chifukwa chake wanzeru amasunga chithunzi choyamba chija, nachepetsa kuchokera kwa icho nthawi zonse.

Tsono tibwerere m'kalasi, pakuti lamulo ndi lomwelo ngakhale tikukuza. Mapu a m'buku akhale masentimita 20 choimirira ndi 8 chopingasa, ndipo malo a pa bolodi akhale 100 choimirira ndi 120 chopingasa. Kugawa kutipatsa 5 ndi 15; titenga 5, mapu athu nakhala 100 ndi 40. Lembani ndi pensulo timabokosi ta masentimita 2 pamwamba pa mapu a m'bukuwo, ndi ta masentimita 10 pa bolodi, ndipo musamutse mzere wa malire kabokosi ndi kabokosi. Njira ya timabokosi ndi yakalekale: amisiri a ku Igupto ankaigwiritsa ntchito pojambula pa zipupa, ndipo Albrecht Dürer wa ku Germany anaonetsa chida chake m'buku lake losindikizidwa kachiwiri mu 1538. Malo otsala pa bolodi asakuvuteni mtima. Lembanipo maina a maboma ndi mitsinje.

Inu amene mudzaphunzitsa ku Mvera, ku Mponela kapena ku Malomo, kumbukirani kuti mwana amakhulupirira chimene mphunzitsi wajambula. Akaona Nyanja ya Malawi yozungulira ngati dziwe, adzaikumbukira yotero zaka zambiri. Mupatseni rula ndi pepala la timabokosi, achepetse yekha tsamba la mtengo kapena khomo la kalasi, ndipo afotokoze m'Chichewa ngati wadula, wafinya kapena wachepetsa.