Mau a m'Sewero la Tikuferanji

Ambiri a ife kuno ku Tsangano ndi ku Furancungo tinaonerako Tikuferanji, sewero la pa kanema wa ku Malawi lokonzedwa ndi bungwe la ADRA. Tinaseka naye Manganya, amene dzina lake lenileni ndi Michael Usi, yemwe mu 2024 anakhala waciwiri kwa mtsogoleri wa dzikolo. Koma kodi dzina la seweroli tinalimvetsa?

Lembani pa bolodi: ti-ku-fe-ra-nji. Kamau ka "-nji" kamafunsa cifukwa, monga timanenera kuti "ukuliriranji?" Tsono dzinali ndi funso la pamaliro, lofunsidwa m'zaka zimene Edzi inkatha anthu m'midzi.

Nthawi imeneyo matendawa sitinkawachula dzina. Ena ankati kaliwondewonde, ena magawagawa, ena matenda a boma. Mau otere amaseketsa, komanso amabaya. M'kalasi mwanu mwina muli mai wamasiye amene anthu anamunenapo conco pacitsime.

Conco, atsogoleri, ophunzira akabweretsa mauwa, musangoseka nao. Afunseni: ananena ndani, ponena yani, ndipo wonenedwayo anamva bwanji? Akayankha, ndiye muwalembe pa bolodi.