Musataye lisiti la kuchipatala: m'bale wanu wa ku Ireland angabwezeredwe msonkho

Mabanja ambiri kuno ali ndi mwana kapena m'bale amene anapita ku Dublin, ku Cork kapena ku Galway kukaphunzira ndi kukagwira ntchito. Matenda akalowa pakhomo, foni yoyamba imapita kwa iyeyo. Iye amatumiza ndalama, wodwala amagonekedwa, ndipo potuluka m'chipatala kapepala kamene analandira polipira kamathera m'thumba la malaya ochapidwa, mwina amayatsira mbaula.

Kapepala kameneko ndi ndalama. Ku Ireland, munthu amene amadulidwa msonkho pa malipiro ake ali ndi ufulu wopempha boma kuti limubwezere gawo la ndalama zimene wawononga pa chithandizo cha kuchipatala. Bungwe lotolera misonkho kumeneko, lotchedwa Revenue, limabweza 20 pa 100 iliyonse. Wawononga €500, amubwezera €100. Lamuloli silikunena kuti wodwalayo akhale iye mwini. Angathe kupempha pa ndalama zimene walipirira munthu wina aliyense, ndipo chithandizo cholandirira kunja kwa Ireland nachonso chimawerengedwa, bola dokotalayo akhale wololedwa ndi malamulo a dziko limene akugwiramo ntchito. Kuno kwathu madokotala amalembetsedwa ndi bungwe la Medical Council of Malawi.

Wina afunsa kuti, nanga si ma ARV ndi aulere? Inde, kuyambira 2004 boma la Malawi limapereka mankhwalawa mwaulere, ndipo ku Ireland nakonso mankhwala a HIV salipiritsa. Koma amene anadwazikapo munthu amadziwa kuti matenda sathera pa botolo la ma ARV. Pali kuonana ndi dokotala ku chipatala cholipira, kugonekedwa ku chipatala cha mishoni, kujambulidwa m'chifuwa, kuyezedwa impso ndi chiwindi, ndiponso mankhwala amene dokotala walemba koma ku chipatala cha boma atha, mpaka mukawagule ku famase. Zonsezi ndi zimene zimakokolola m'thumba mwa wotumiza uja, amene mwina wagwira ntchito usiku wonse m'nyumba yosamalira okalamba kuti apeze ndalamazo.

Si ndalama iliyonse imene amabweza. Zimene mwapereka kwa sing'anga, mankhwala ogula pa golosale kapena pamsika popanda kalata ya dokotala, mtengo wa minibasi, chakudya cha wodwazika, zonsezi ayi. Kuchotsa dzino, kulimata ndi kugula magalasi a maso nazonso sizili m'gulumo. Ngati kampani ya inshuwalansi yabweza kale gawo lina la ndalamazo, munthu amapempha pa zotsala zokha. Komanso boma limabweza msonkho umene munthu analipiradi. Wophunzira amene amagwira maola ochepa, malipiro ake osafika podulidwa msonkho umenewu, palibe chimene angalandire ngakhale malisiti atadzaza chikwama.

Apa ndi pamene inu a m'makalabu mukufunika. Pakhomo pambiri ndi achinyamata amene amaperekeza wodwala, amaima pamzere wolipira ndipo foni yojambula ili m'manja mwawo. Mukalipira, funsani lisiti lenileni, lokhala ndi dzina la chipatala, tsiku, dzina la wodwala, chithandizo chimene walandira ndi ndalama zake. Pa mankhwala, sungani lisiti la ku famase pamodzi ndi kalata ya dokotala. Uthenga wa pafoni wosonyeza kuti ndalama zafika kuchokera kunja ndi wofunika, chifukwa ndiwo umboni wakuti analipira ndi iyeyo, koma pa wokha sukusonyeza kuti ndalamazo zinapita ku chipatala. Zimafunika zonse ziwiri. Jambulani tsiku lomwelo, poti inki ya malisiti ambiri imafufutika pakangopita miyezi yowerengeka.

Pali chinthu chimodzi choti musachichite mopupuluma. Lisiti limaulula. Dzina la mankhwala kapena la chimene anayeza m'magazi lingadziwitse munthu kuti wodwalayo ali ndi kachirombo, pamene mwiniwakeyo sanakonzeke kuuza abale. Anthu ena amang'amba mapepala a kuchipatala dala chifukwa cha mantha omwewa, ndipo sitingawadzudzule, poti kusalana kukadalipo m'midzi ndi m'mabanja mwathu. Choncho yambani mwafunsa wodwalayo. Akalola, tumizani chithunzicho kwa wolipira yekhayo, osati pa gulu la banja la WhatsApp pamene pali azakhali, alamu ndi adzukulu makumi atatu. Akakana, zathera pomwepo. Ma euro amenewo sangagule chinsinsi cha munthu.

Kwa amene ali ku Ireland, kupempha kwake n'kosavuta. Amalowa pa intaneti mu myAccount ya Revenue, n'kudzaza fomu ya msonkho ya chaka chimene akufuna, n'kulembapo ndalama zonse za kuchipatala. Palibe chifukwa cholipira munthu wina kuti amuchitire, ngakhale alipo makampani amene amachita ntchitoyi n'kudulako gawo lawo. Malisiti angawaike pa intaneti pomwepo kapena kuwasunga yekha, koma ayenera kukhalapo kwa zaka 6, chifukwa Revenue ikhoza kuwafuna nthawi ina iliyonse. Fomuyo imapita ku boma, siidutsa kwa bwana wake kuntchito.

Nthawi yopemphera ndi zaka 4. Ndalama zimene zinawonongedwa mu 2023 zingapemphedwe mpaka pa 31 December 2027. Ndiye ngati m'nyumba mwanu muli sutikesi ija yosungiramo mabuku a kusikelo ndi makalata akale, ifufuzeni sabata ino, mwina malisiti a zaka zapitazi akadali momwemo.