Mabuleki a njinga zamoto zakale: vuto limabisala m'kati mwa gudumu

Njinga zamoto zakale monga Honda CG125, imene inayamba kupangidwa mu 1975, ndi Yamaha AG100 ya mu 1973, zikali kunyamula anthu ndi katundu m'misewu ya fumbi ya kumidzi. Eni ake amasintha mafuta a injini pa nthawi yake, koma mabuleki amaiwalika cifukwa amatha pang'onopang'ono ndipo sawoneka kunja.

Njinga zimenezi zili ndi mabuleki a mtundu wa drum. M'kati mwa gudumu muli zitsulo ziwiri zokhota ngati mwezi watsopano, zimene amakanika amazicha ma shoe. Pamwamba pake pamamatidwa lining, imene imakhuzana ndi drum. Woyendetsa akafinya buleki, waya amakoka kamkono, kamkonoko kamatembenuza cam, ndipo cam imakankhira ma shoe ku drum.

Buleki ikayamba kufooka, ambiri amangomanga nati ya ku waya. Izi zimathandiza kwa kanthawi, koma sizibwezera lining imene yadyeka. Pa njinga zambiri za Honda pali kamuvi pa kamkono ka buleki. Kamuviko kakalunjikana ndi cizindikiro cake pamene buleki yafinyidwa, nthawi yomanga nati yatha. Gudumu liyenera kucotsedwa.

Apa m'pofunika kusamala kwambiri. Ma lining akale ambiri anapangidwa ndi asbestos, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo lingathe kuyambitsa khansa patapita zaka zambiri. Dziko la Britain linaletsa asbestos kotheratu mu 1999, koma njinga imene sinatsegulidwe kwa nthawi yaitali ingakhale nayobe. Cizolowezi copemerera drum ndi mpweya wa kompuresa, kapena ndi pakamwa, n'coopsa kwa makanika ndi kwa mwana amene waima pambali kuonerera. Fumbilo lipukutidwe ndi nsalu yonyowa, ndipo nsaluyo itayidwe.

Lining ikatsala mamilimita 2, ma shoe onse awiri asinthidwe pamodzi ndi masipuling'i ake. Koma kukhuthala pakokha sikokwanira. Njinga imene yakhala m'nyumba zaka zambiri ingakhale ndi lining yooneka yatsopano pamene guluu wake anauma kale cifukwa ca cinyontho ndi dzimbiri. Lining yotere ikamatuka pa ulendo imakakamira m'drum, gudumu n'kuima mwadzidzidzi. Likakhala la kutsogolo, woyendetsa amaponyedwa pansi. Imene yamwa mafuta kapena girizi nayonso ndi yotaya, ndipo kuitsuka ndi petulo kapena kuiwamba pa moto n'kudzinyenga cabe.

Drum ipalidwe pang'ono ndi sandipepa. Ikakhala ndi mizere yakuya, kapena ikakula kupitirira muyeso wa m'buku la njingayo, ma shoe atsopano sangagwire bwino. Cam itulutsidwe, itsukidwe, ipakidwe girizi wocepa kwambiri. Waya amene wayamba kuthothoka tizingwe asinthidwe, cifukwa amadukira pa nthawi imene wafinyidwa mwamphamvu.

Njinga zina zakale zili ndi buleki ya disc kutsogolo, imene inafala kucokera pa Honda CB750 ya mu 1969. Mafuta ake a DOT 3 kapena DOT 4 amayamwa cinyontho, motero asinthidwe zaka ziwiri zilizonse, ndipo asasakanizidwe ndi DOT 5.

Pobwezera gudumu la drum, buleki ifinyidwe pamene nati ya ekiselo ikumangidwa kuti ma shoe akhale pakati. Pa njinga zambiri za Honda, cogwirira ca kumanja ciyenera kuyenda mamilimita 10 mpaka 20 buleki isanagwire, ndipo copondera ca kumbuyo mamilimita 20 mpaka 30. Ma shoe atsopano sagwira mokwanira pa masiku oyamba, conco njinga iyesedwe pa malo opanda anthu, pa liwiro locepa, isanakwezedwe munthu kapena thumba la cimanga.